Masiku 30 si masabata 6: zimene tinaona ku Stellenbosch

Ana a ku koleji akamva kuti ndinapitako ku Cape, m'dziko la South Africa, ndi gulu la ophunzira pa tchuthi, funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, nambala ya ejenti wanu uja muli nayo?" Ndili nayo, koma sindikupatsani. Yambani mwawerenga izi.

Tinalipo anthu 9. Pulogalamu yake inali yokoma m'khutu: masabata 6 ku Stellenbosch, kuthandiza pa dimba la ndiwo zamasamba ndi kucheza ndi ana a ku Kayamandi, dera la m'tauni yomweyo, pa tchuthi chawo cha Disembala. Pogona paulere, chakudya katatu patsiku, kuphatikizapo R1,000 ya m'thumba sabata iliyonse. Aliyense analipira K650,000. Zanga mayi anachita kugulitsa mbuzi ndi matumba a soya, zotsalazo anakongola ku banki m'khonde.

Mu Novembala 2023, kutatsala masabata ochepa kuti tinyamuke, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Sipanathe masiku awiri, uthenga unagwa pa WhatsApp: aliyense awonjezere K180,000 chifukwa randi yakwera. Tinafunsa kuti nanga si munatiuza kuti matikiti ndi malo ogona munalipira kale mu Okutobala? Anayankha kuti amene sakufuna asiye, koma zimene analipira kale sizibwezedwa. Tinalipira tonse, wina osatsala. Ukaganiza za mbuzi za mayi ako, sutha kubwerera m'mbuyo.

Njira mukuidziwa: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Chimene sanatiuze n'chakuti chikwama chachikulu chili ndi mtengo wakewake, R200. Ndiye pali ija anyamata a m'basi amati "ya malire", R150, ndipo anatolera katatu popanda ndi kalisiti komwe. Titafika ku Johannesburg tinapeza kuti tikiti yopitirira ku Cape, imene inalembedwa bwinobwino pa pepala lathu kuti "zonse zalipiridwa", kulibe. Foni ya ejenti inali yozima. Disembala, mabasi odzaza, R1,100 aliyense.

Apa ndi pamene tinakumana ndi munthu mmodzi yekha wachilungamo pa onse amene anagwira ndalama zathu paulendowu. Anali mayi wogulitsa matikiti pa kawindo kena pa Park Station. Anatenga pasipoti yanga kuti akopere dzina, n'kuima pa tsamba la chidindo. Anafunsa tsiku lobwerera. Ndinati 15 Januwale. Anatembenuza kalendala ya pa tebulo pake, n'kuyamba kuwerenga ndi cholembera kuchokera pa 4 Disembala, tsiku limene tinalowa pa Beitbridge. Atafika pa 30 anasiya cholembera pomwepo n'kundiyang'ana. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 olowa popanda viza. Masabata 6 ndi masiku 42. Ana 9 a ku koleji, ena ophunzira masamu, palibe amene anawerengera zimenezi, chifukwa ejenti anati "za mapepala tikakonza konko".

Mayiwo anatifotokozera kuti ukapyola ngakhale ndi masiku ochepa, potuluka amakulemba kuti ndiwe "undesirable" ndipo suloledwa kubwereranso kwa chaka chathunthu. Ukapyola ndi masiku oposa 30, ndi zaka 5. Anawonjezera kuti chidindo cha mlendo sichilola ntchito yolipidwa, ndipo ngakhale ntchito yongodzipereka ili ndi chilolezo chake chimene umafunsira usananyamuke. Kenaka anatiuza kuti tisagule tikiti yobwerera tsiku limenelo, tikaone kaye mmene zinthu zilili. Wogulitsa kukana ndalama za anthu 9! Mpaka lero sindinaiwale nkhope yawo.

Malo ogona "aulere" anali zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu, matiresi pansi. Mwini wake anafuna dipoziti ya R800 aliyense tisanatsitse n'chikwama chomwe, magetsi tizigula tokha. Chakudya katatu chija chinali buledi ndi tiyi m'mawa, basi. Ya m'thumba tinalandira kamodzi, R300, m'masabata anayi onse. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikomo anali R25.42 pa ola. Ife timagwira maola 6 patsiku padzuwa la kumeneko, limene limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo. Kwathu anthu akupalira chimanga pamvula, ife tikuthirira sipinachi ndi makheni, chimphepo chikutiwaza fumbi m'maso.

Amene anatisunga ndi mayi woyang'anira dimbalo. Onse amangowaitana kuti Mama, nafenso tinatengera. Tsiku lachitatu anaona mnzathu wina atakhala pansi pa mpanda, chizungulire. Atafunsa, tinaulula zonse. Anavula magalasi, n'kufunsa kawiri kuti K830,000 ndi marandi angati. Iwo ankaganiza kuti pali bungwe limene latilipirira, ndipo dimba lawo silinalandire ngakhale senti. Kuyambira tsikulo mphika wa ana wa masana unakula. Tinadya umngqusho, chimanga chokonola chophikidwa pamodzi ndi nyemba, mpaka thukuta.

Chixhosa, chinenero cha kumeneko, chinatigonjetsa ndi kuthetheka kwake kwa lilime, ana amagwa nazo chagada tikayesa. Koma tinkadabwa limodzi kumva inyama, imvula, umntu, mawu athu omwe atangovala chipewa. Pa Khirisimasi tinapempha moto kuti tiphike ife. Tinathyola nkhwani m'dimba momwemo, nsinjiro panalibe ndiye tinatendera ndi chiponde cha m'botolo. Mama analawa, anakhala chete kaye, kenaka anawonjezera kawiri. Mawa lake mwana wawo wamwamuna anatikweza takisi kupita kunyanja ku Strand, ena mwa ife koyamba kulawa madzi amchere. Mutakisimo munthu wina atamva tikulankhula Chichewa anaponya mawu onyoza alendo aja mukuwadziwa. Mwana wa Mama uja anamuyankha m'chinenero chawo, ndipo sitinamvenso kanthu mpaka tinatsika.

Musatengeke nazo zimenezi. Zithunzi za kunyanja zimene munaona pa Facebook ndi tsiku limodzi pa masiku 26. Inu mukufuna kukwera basi chifukwa cha chithunzi, osafunsa kuti pepala lanu likulolani masiku angati, osapempha nambala ya anthu amene mukupita kukawathandizawo kuti mumve ngati akumudziwadi ejentiyo. Foni imodzi yokha kwa Mama tisananyamuke ikanaulula zonse. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi pepala lolembedwa "zonse zalipiridwa", mufunseni tikiti yeniyeni yokhala ndi dzina lake, yopita ndi yobwerera. Ejenti akati mapepala tikakonza konko, musagulitse mbuzi. Si aliyense adzapeze Mama wake. Ifeyo tinangochita mwayi.

Anthu 7 tinanyamuka pa 30 Disembala, R1,100 inanso mpaka ku Johannesburg, ndipo tinadutsa Beitbridge chidindo chisanathe. Awiri anakakamira kuti amalize pulogalamu, ati mwina ya m'thumba ija ituluka pamapeto. Sinatuluke. Chimene anatuluka nacho ndi pepala lowaletsa kulowa m'dzikomo kwa chaka.

Nditawerengera, pamwamba pa K830,000 ndinataya R3,650 imene sinalembedwe paliponse. Dipoziti ija mwini nyumba anati tachoka nthawi isanakwane, ndiye yapita. Ejenti anayatsa foni mu Febuluwale, n'kutumiza uthenga wofunsa ngati tili ndi anzathu ofuna ulendo wotsatira. Mama amatumizabe zithunzi za maungu, ndipo mwezi watha amafunsa kuti chiponde chija timathira madzi asanawire kapena atawira.