Galaja ya pa Dedza boma yandichotsera stabilizer ya kumbuyo

Galimoto yangayi ya Toyota Surf ndimayendera kumapiri uku kukatenga kachewere, ndiye nyengo ya mvula inkandivuta heve, ukangolowa pa ngalande mopingasa tayala limodzi la kumbuyo limanyamuka nkumangozungulira m'malere galimoto osasuntha. Ndinapita pa galaja ina pa boma pompano ndipo bambo amene anandithandizawo ndawakonda chifukwa sanathamangire sipanala ayi, anayamba kaye andilowetsa kunsi nkundionetsa chitsulo cha stabilizer m'mene chimamangira mbali ziwiri za galimoto kuti isamapendekeke pa kona, nde chomwechonso chimaletsa tayala kutsikira mu dzenje.

Mabawuti a ma link, tizitsulo timene timagwira stabilizer kumapeto kwake, anali atagwira dzimbiri, anawathira oilo nkudikira kaye, sanadule ndi grinder ngati amachitira ena. Chitsulo, mabushi ndi mabawuti onse anandimangira mu thumba kuti tsiku ndazafuna kubwezera zisasowe. Chandidandaulitsa ndi nthawi basi, ndinafika m'mawa ndatuluka dzuwa litapendeka.

Ku fumbi yasintha zedi, matayala onse akugwira pansi ndipo sikugwedeza msana ngati kale. Koma abale pa tala samalani. Potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndinaimva ikugona pa kona iliyonse, ndinachita kutsika pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba, ndipo ndinalibe katundu. Anandichenjezeratu bambowo kuti mashoko akakhala otha kapena mumasenza matumba pa kaliyala pamwamba musayerekeze kuichotsa stabilizer. Amene mumangoyenda M1 kupita ku Lilongwe isiyeni ilipo.