Kashopu ka zojambula ku Chibavi: musathere pakhonde

Ku Chibavi, kuseri kwa pamene amawotcherera zitseko zachitsulo, kuli kashopu ka zojambulajambula kopanda chikwangwani. Mungakadziwe ndi fungo la penti komanso zithunzi zopachikidwa pakhonde: mlambe dzuwa likulowa, msodzi m'bwato, mayi atasenza mtsuko. Dzanja la mwini wake ndi laluso ndithu, koma mlambe womwewo mukaupeza ku Nkhata Bay, ku Salima ngakhale ku Cape Maclear. Nanga mu Mzuzu wozizira muno mlambe munauona pati? Iye sabisa. "Amayi, izi n'zandiwo ndi lendi. Zanga zili mkati."

Mkatimo ndi mmene muli chifukwa cholembera ndemangayi. Kukhoma kuli thabwa lalikulu la paini lopserera mbali imodzi, limene anakatola ku Chikangawa moto utadutsa. Pamenepo wajambula zitsa zokhazokha ndi makala, n'kumata utuchi m'munsi mwake, ndipo pakona pali kamunthu kakang'ono kanyamula sowo. Amene tinakula tikudutsa mumsewu wa M1 mitengo itaphimba mbali zonse, chifunga chili tolo, sitifunika kufotokozeredwa. Nkhalango ija inadzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo lero malo ambiri ndi mbee. Zonsezi ndinkazidziwa kale, ndipo m'nyuzipepala ndaziwerengapo. Koma thabwalo limanunkha utsi, ndipo ukaligwira chala chimada.

Bambo akunyumba atachiona anati, "Zinyalala izi n'zogulitsanso?" Tinakangana njira yonse mpaka ku Katoto. Iwo amati chithunzi chizikongoletsa pabalaza basi. Ine ndimati chokongoletsa chokha maso amachizolowera msanga, mwezi usanathe sachionanso. Taonani John Chilembwe. Timamugwira tsiku ndi tsiku pa K2,000 osamuyang'ana n'komwe. Koma mu 2022 Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, anaimika chiboliboli chake pa Trafalgar Square ku London, chochokera pa chithunzi cha 1914: Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi mzungu John Chorley, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukuza Chilembwe msinkhu kuposa mnzakeyo, ndipo anthu amene anali asanamvepo za ku Mbombwe anayamba kufunsa kuti ameneyu ndani. Ntchito ya zojambula zamakono ndi imeneyo, kukuonetsa mwatsopano chimene unkangochidutsa. Bambowo anangoti, "Chabwino, koma chamakalacho m'nyumba mwanga ayi."

Si zonse mkatimo zogwira mtima. Pali china cha tcheni cha njinga ya kabaza chokhomeredwa pachiguduli, chimene ndinaona kuti wangotengera za ena. El Anatsui wa ku Ghana amalumikiza zotsekera mabotolo a mowa ndi waya wakopa n'kupanga zonga nsalu zokuta khoma lonse, ndipo achinyamata ambiri akaona zimenezo pa intaneti amayesa kuti kutola chotayidwa ndiye luso. Ndinamuuza pamaso. Sanakwiye, anangoseka n'kuti nayenso sichikumukhutiritsa, mwina achiphwasula.

Amalandiranso maoda a zithunzi za anthu, ndipo apa m'pofunika kumudziwa bwino musanapereke ndalama. Ndinamupatsa kachithunzi kapachiphaso ka malemu mayi anga. Sanayambe ndi burashi koma mafunso: ankagwira ntchito yanji, ankakhala bwanji pampando, ankakonda chitenje chotani. Chimene anatulutsa si kope ya kachithunzi kaja. Mphuno si yeniyeni kwenikweni, koma manja aja opingasa pamiyendo, ngati akudikira kuti umalize bodza lako, ndi awo ndendende. Mlongo wanga, amene sachedwa kupeza chifukwa, anangoti, "Ndi iwowo." Ngati mukufuna chofanana ndi foto mpaka kachipsera, pitani ku studio akakukuzireni, mudzapulumutsa ndalama ndi mtima.

Zodandaula zilipo. Tsiku limene walonjeza musalikhulupirire. Ine anandiuza masabata awiri, chithunzi chinatuluka mwezi utadutsa, foni osayankhidwa bwino. Mafelemu amapangitsa kwa kalipentala amene amagwiritsa ntchito matabwa osauma, ndiye ndi chinyontho cha kuno langa lapindika kale pakona. Risiti sapereka pokhapokha muumirire. Chipinda chamkaticho chili ndi kawindo kamodzi, magetsi akazima mumaunika ndi tochi ya foni.

Mitengo ya zapakhonde ndi yokambirana, aliyense angakwanitse. Zamkati ndi zodula, thabwa la Chikangawa lija mtengo wake ungagule matumba awiri a feteleza, ndipo satsitsa ngakhale mumunyengerere bwanji. Sindinaligule. Kuona n'kwaulere, ndipo sakukakamizani. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Mupite masana dzuwa lili pamutu kuti muone bwino, ndipo mukaoda chithunzi munene kuti felemu mukapangitsa nokha.