Mphika wadothi wa pamsika: sankhani bwino, udzaphikira ndi zidzukulu zomwe

Miphika yadothi ikupezekabe m'misika ya kuno ku Mulanje, ngakhale amayi oumba amakhala chakumapeto, kuseri kwa ogulitsa mapoto ndi mabeseni apulasitiki. Ku Chitakale, ku Limbuli ngakhalenso ku Luchenza, mukafunsa adzakulozerani. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi poto wachitsulo wa msinkhu womwewo, ndipo kunenerera kulipo. Koma mwa miphika yondandalikidwa pansiyo, ina ndi yoti idzaphikira ana ndi zidzukulu, ina singathe ndi mwezi womwe. Kusiyana kwagona pa kawotchedwe.

Musagule ndi maso okha. Unyamuleni mphikawo, muukhazike pachikhatho, muugogode pambali ndi chala. Wopsa bwino umalira ngwee, ndipo kulirako kumapitirira pang'ono. Ukangoti phu, ndiye kuti sunapse mpaka mkati kapena uli ndi mng'alu wobisika. Ameneyo musiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Kenako lozetsani thako lake kudzuwa, muyang'ane mkati. Kuwala kukadutsa, msuzinso udzadutsa pomwepo. Pitirizani chala kuyambira kukamwa mpaka pansi: khoma lizikhala lofanana kukhuthala kwake, pafupifupi ngati chala chakaniche. Mbali ina ikachindikala kuposa inzake, moto sulowa mofanana, ndipo mphika umang'ambika pomwe mbali ziwirizo zakumana. Mawanga akuda a utsi si vuto, amabwera ndi kuwotchera pamoto wa nkhuni. Choopsa ndi timiyala toyera tooneka m'dothi, chifukwa tikatentha timatha kuthetheka n'kusiya kabowo.

Banja la anthu 6 limakwanira mphika wa malita 4 kapena 5. Funsaninso chivundikiro chake, poti ambiri amagulitsa padera, ndipo mbale yachitsulo siyitseka bwino pakamwa pa mphika.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi tsiku loyamba. Mphika watsopano uli ndi timibowo tosaoneka, ndipo mukangofikira kuthiramo ndiwo, umamwa msuzi, ndiwozo n'kumamveka dothi. Utsukeni ndi madzi okha, muuyanike mpaka uume gwa. Thiranimo madzi kufika m'khosi, muikemo madeya odzaza manja awiri, mutereke pamoto wochepa kwambiri. Phalalo liwire pang'onopang'ono kwa ola limodzi, mukulipaka m'mbali ndi mthiko kuti lifike mpaka kukamwa. Mukatero musaphule. Usiyeni pamafuwa pomwepo moto uzime wokha, ugone choncho. Mawa lake tayani phalalo kwa nkhuku, tsukani, bwerezaninso kachiwiri ngati kunja kwa mphikawo kukuonekabe chinyezi. Phalalo ndi lomwe limatseka timibowo tija.

Ukakonzeka, ntchito yake yeniyeni ndi zakudya zochedwa kupsa, ndipo apa palibe poto angaupose. Dothi limachedwa kutentha, koma likatentha silitaya moto msanga, choncho mphika ukangowira mumabweza nkhuni n'kusiyapo chikuni chimodzi. Nandolo wouma makapu 3, woviikidwa usiku wonse, muikeni ndi madzi opitirira zala zitatu pamwamba pake. Amafewa mpaka mkati osaphwanyika kunja, msuzi wake n'kukhala wogwirana wokha. Mchere ndi matimati zibwere atafewa kale. Madzi akachepa, onjezani otentha, osati ozizira a mumtsuko. Makaka (chinangwa chouma) ophikira limodzi ndi nandolo amakomanso m'menemu, chifukwa sapserera pansi msanga monga zimachitikira m'poto wopyapyala.

Kalongonda, mtundu wina wa nyemba, ndiye amaonetsa phindu la mphikawu. Aliyense wa kuno akudziwa kuti ameneyu sathamangira: amawiritsidwa, madzi akuda aja n'kutayidwa, kusenda makoko, kutsuka, kuwiritsanso ndi madzi atsopano, tsiku n'kutha. Wosapsa bwino amachititsa chizungulire ndi kusanza, choncho kufupikitsa nthawi si nzeru. Mphika wadothi umapirira moto wa tsiku lonsewo ndi nkhuni zochepa. Chenjezo ndi limodzi: mukataya madzi oyamba, musathire ozizira mumphika wotentha. Mudzangomva kuti the, ndiye kwatha. Khalani ndi madzi ofunda pambali. Therere la chidulo nalonso limayenera muno, poti chidulo chimadetsa poto wa aluminiyamu koma dothi sichilichita kanthu.

Zofooka zake tisabise. Kukazinga ndi mafuta sikuyenda, mafuta amalowa m'dothi n'kuyamba kununkha. Tiyi wa mmamawa kwa wothamangira kuthyola masamba kuesiteti, ameneyo aphike m'ketulo. Thako lake ndi lozungulira, choncho pachitofu chamagetsi silikhala. Pamafuwa limakhazikika bwino, chimodzimodzinso pa Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi ija inayambira kuno ku Mulanje, malinga mphika usakule kuposa pokhazikapo pake. Sopo ndi waya wotsukira ndi adani ake: sopo amalowa m'timibowo n'kudzamveka mu ndiwo. Madzi ofunda ndi chitsononkho zimakwana. Ndipo nyengo ya chiperoni, pamene chinyezi chimatsika m'phiri masiku angapo, mphika wosungidwa wotseka ndi chivundikiro umachita nkhungu. Uikeni pathandala kukamwa kutayang'ana pansi, koma mpweya uzilowa.

Chimene chimatichititsa kuulimbikira ndi choti mphika wosamalidwa umakoma ndi zaka. Mkati mumada n'kusalala, fungo la dothi limatheratu. N'chifukwa chake m'mabanja ambiri kuno, komwe mwana wamkazi amamanga pafupi ndi mayi ake, mphika wa agogo sugulitsidwa ndipo subwerekedwa wamba. Ndi umene unaphika nandolo chaka chomwe chimanga chinakana, ndi umene umatuluka pa chinkhoswe ndi pa maliro. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba m'Malichi 2023, mabanja ambiri anataya ziwiya zotere pamodzi ndi zina zonse, ndipo amene anazipeza zamphumphu m'matope sanaone ngati chinthu chaching'ono. Ife timaona kuti ndi chifundo cha Mulungu kuti dothi lomwe timapondali limasanduka chophikira, ndipo nandolo wa m'mphepete mwa munda amadyetsa banja mpaka masika. Tikamapemphera kuti atipatse chakudya chathu chalero, yankho lake nthawi zambiri limakhala likuwira pamafuwa pomwepo, ndipo n'koyenera kuyamika tisanapakule.

Mphika ukachita mng'alu waung'ono kukamwa, ukhoza kugwirabe ntchito mukaumanga waya m'khosi kuti mng'aluwo usatsike. Ukang'ambika pansi, musavutike kumata ndi simenti kapena phula, zimenezo si zolowa m'chakudya. Usandutseni chosungira mbewu ya nandolo yosakaniza ndi phulusa, kapena dulani thako lake likhale phale lokazingira mtedza ndi chimanga.

Pochoka nawo kumsika, kabaza ndiye amaswa miphika yambiri isanafike n'komwe pakhomo. Ikani udzu kapena masamba ouma a nthochi mkati ndi kunja, muukulunge m'chitenje, muunyamule pamiyendo. Mukagula iwiri, musailowetsane popanda nsalu pakati.