Wailesi ya Pioneer mu Sienta: ndi yabwino, bola mawaya a masipika asasemphane

Wailesi zambiri zobwera ndi magalimoto a ku Japan zimalekeza pa 90 MHz, motero masiteshoni opitirira pamenepo sizigwira, n'chifukwa chake ma Toyota Sienta ambiri oyenda pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni azichotsa. Pioneer ya Bluetooth yolowa m'malo mwake imagwira masiteshoni bwino, ndipo masipika anayi a 4 ohm imawakwanitsa popanda ampulifaya. Pabokosi amalemba 50 W kanayi, koma mphamvu yokhazikika ndi 22 W pa sipika iliyonse. Odandaula kuti besi ndi yochepa, nthawi zambiri vuto ndi kalumikizidwe.

Sipika iliyonse ili ndi pozitivi ndi negetivi. Ya kumanzere ikalumikizidwa mosemphana, pamene inzake ikukankha mpweya panja, iyo imakokera mkati, besi n'kufafanizana. Palibe chimapsa ayi, nyimbo imangomveka yopyapyala, mawu a woimba osadziwika komwe akuchokera.

Kumbuyo kwa wailesiyi, waya woyera ndi wa kutsogolo kumanzere, wotuwa kutsogolo kumanja, wobiriwira kumbuyo kumanzere, wapepo kumbuyo kumanja. Wokhala ndi mzere wakuda ndiye negetivi. Msampha uli mbali ya galimoto: Toyota ili ndi mitundu yakeyake, ndipo pa zambiri waya wachikasu ndi wa sipika ya kumbuyo, pamene wachikasu wa wailesi ndi wa batire. Wofananiza mitundu ndi maso amalakwitsa pomwepo. Gulani pulagi yolumikizira ya Toyota, musadule mawaya.

Ngati anadulidwa kale, tengani batire la tochi la 1.5 V, mugunditse mawaya awiri a sipika kwa kamphindi. Pepala la sipika likatulukira kunja, waya uli ku mutu wa batire ndiye pozitivi. Ma tweeter, masipika ang'onoang'ono a mawu okwera, musawayese chonchi. Mukamanga zonse, pititsani balance ya wailesi (yogawa mawu kumanzere ndi kumanja) mbali imodzi. Besi ikamveka yamphamvu kuposa pamene ili pakati, sipika imodzi yasemphana.

Negetivi ya sipika isakhudze chitsulo cha galimoto. Si ethi, ili ndi magetsi akeake, ndipo ikakhudza wailesi ingathe kupsa. Zopota mawaya ndi zala n'kukulunga thepi nazonso sizikhalitsa ndi chinyezi cha kuno, amachita dzimbiri sipika n'kumadukiza. Wotcherani ndi soda (solder).

Wailesiyo payokha tilibe nayo chifukwa.