Chuck ya maginito pa grinder yakale inandidyera malipiro

Inu amene mukulota zobwera kuno kudzagwira ntchito ya makina, dziwani kuti obwerafe amatiika pa makina okalamba omwe eni ake akuwathawa, ndipo chikafera m'manja mwako wolipira ndiwe.

Ine anandiika pa surface grinder, makina osalaza chitsulo ndi mwala wozungulira, ija ili ndi tebulo la maginito logwira chitsulo, amati chuck. Ejenti wondipezera ntchito analonjeza kuti andiphunzitsa kaye, bodza lokhalokha, anangondilozera switch basi. Koyilo ya mu chuck, waya wokulungidwa wopanga maginito, itapsa bwana anandidula theka la malipiro a mwezi, ejenti naye 10 peresenti yake anatenga pa ndalama yonse ngati sanandidule kanthu. Nkhani yodula inalibemo mu pepala lomwe ndinasaina!

Wachilungamo anali mdala mmodzi wa zamagetsi yemwe anabwera kudzakonza. Anatsegula bokosi nkundionetsa, chuck yathu imafuna DC ya 110 volts, magetsi a pakhoma amayenera kutsitsidwa ndi transformer kenako adutse pa rectifier, kachipangizo kowasandutsa DC. Koma winawake kalekale transformer itafa anangoidumpha, 220 kulunjika pa rectifier, koyilo ikumwa pafupifupi 200 volts, nanga ikanalekeranji kupsa? Resistor yomwe imakhala pa koyilo anaichotsanso, pomwe ndiyo imameza moto uja umabwerera ukazimitsa, nchifukwa chake switch inali yakuda bii mkati. Mdalayo anamuuza bwana pamaso kuti mnyamatayu alibe mlandu, koma ndalama sinabwerere mpaka lero.

Switch imeneyi ili ndi malo atatu. Mbali imodzi kugwira, pakati kuzima, mbali inayo imatembenuza waya kuti maginito otsalira achoke, ndipo kumeneko umangogunda pang'ono nkusiya, ukakhalitsa chitsulo chimamatiranso. Osachitema ndi hamala, muwononga tebulo akudulaninso.

Musanatsitse mwala kankhani chitsulocho ndi dzanja mwamphamvu, chikasuntha osayatsa olo bwana akalipe bwanji. Makina ambiri akale alibe choimitsa mwala maginito akazima, ndiye waya wa chuck ukangoduka chitsulo chimauluka, ndipo amene waima pafupi ndi iwe. Yang'ananinso polowera kebulo, madzi oziziritsira amakonda kulowa pamenepo, waya wa earth akhalepo.

Tsiku loyamba werengani kachitsulo kolembedwa ma volts pa chuck, wina ayeze ndi mita inu mukuona, mujambule pa foni. Akakana kuyeza, ntchito imeneyo isiyeni.