miniSASS: chida choyezera thanzi la mtsinje chimene wofufuza wongoyamba angachikwanitse

Wophunzira amene wangomaliza digiri ya sayansi ndipo akufuna kufufuza za mitsinje amagwa ulesi msanga akamva mtengo woyezetsa madzi ku labotale. N'chifukwa chake ndinasangalala kwambiri nditayamba kugwiritsa ntchito miniSASS, njira yaulere yochokera ku South Africa yodziwira thanzi la mtsinje poyang'ana tizilombo tokhala m'madzimo. Njirayi ndi chidule cha SASS5, njira yozama yoyezera mitsinje imene akatswiri a kumeneko amagwiritsa ntchito, ndipo mabungwe a GroundTruth ndi WESSA anaifewetsa kuti ngakhale ana a sukulu aziitha.

Zipangizo zake n'zochepa: ukonde wa maso ang'onoang'ono, beseni loyera, galasi lokuzira zinthu ndi pepala la zithunzi za tizilomboto. Munthu amalowa m'madzi oyenda, natchera ukonde chakumunsi kwake, kenaka n'kumagudubuza miyala ndi mapazi, kuvundula mchenga ndi kukokola m'maudzu a m'mbali, ndipo zonse zakodwazo amazikhuthulira m'beseni. Tizilomboto tagawidwa m'magulu 13, gulu lililonse ndi malikisi ake molingana ndi mmene limapiririra madzi oipa. Nyongolotsi ndi misundu zili ndi 2 chifukwa zimakhala ngakhale m'madzi onunkha, nkhono zili ndi 4, nkhanu ndi ana a tombolombo 6, pamene ana a tizilombo touluka totchedwa stonefly, amene amafa mpweya wa m'madzi ukangochepa, ali ndi 17. Mukaphatikiza malikisiwo ndi kuwagawa ndi chiwerengero cha magulu amene mwapeza, nambala yotulukayo mumaiyerekeza ndi tebulo la mtsinje wamiyala kapena wamchenga kuti mudziwe mmene thanzi la mtsinjewo lilili.

Chimene ndachikonda koposa n'chakuti njirayi imaphunzitsa maso. Tsiku limene ndinaiyesa m'mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, ndinaona kanthu m'beseni kamene ndinkakayesa kachitsotso kakuyamba kuyenda, ndipo nditakaunika ndi galasi ndinapeza kuti ndi mphutsi ya kachilombo kouluka kotchedwa caddisfly itadzimangira kanyumba ka timchenga tomatana bwinobwino. Nditatsikira ku Likangala, kumunsi kwa tauni, m'beseni munadzaza nkhono ndi timphutsi tofiira ta m'matope. Kusiyana kumeneko munthu amakuona yekha asanawerengere n'komwe, ndipo botolo la madzi a tsiku limodzi silingakuonetse chotero, popeza tizilombo timasunga mbiri ya zimene zakhala zikulowa mumtsinje kwa milungu yambiri.

Komabe wofufuza ayenera kudziwa malire ake. Malikisiwo anakonzedwa poyang'ana mitsinje ya ku South Africa, choncho mtsinje wamchenga wa kuchigwa chotentha ungathe kupeza nambala yotsika pomwe vuto palibe, kungoti mulibe miyala imene tizilombo ta malikisi ambiri timakonda. A ku Zambia anakonza njira yawo ya ZISS ndipo a ku Tanzania anakonza TARISS, zonse zochokera ku SASS, ndipo amene akulemba kafukufuku woti akasindikizidwe achita bwino kuziwerenga zimenezi ndi kuphunzira kuzindikira tizilombo mpaka pa mabanja ake. Njira ya miniSASS siuzanso munthu ngati madzi ali oyenera kumwa, ndipo sinena kuti chawononga mtsinje ndi feteleza, zonyansa za m'zimbudzi kapena dothi lokokoloka m'minda ya m'mphepete. M'mitsinje yakuya ngati Shire, momwe muli ng'ona ndi mvuu, munthu sangalowe n'komwe.

Ngakhale zili choncho, ndikuilimbikitsa ndi mtima wonse kwa aliyense amene akuyamba, makamaka akasankha malo awiri kapena atatu pamtsinje umodzi n'kumabwererapo m'chilimwe ndi m'dzinja, madzi osefukira ataphwa. Zotsatira zimaikidwa pa mapu a pa intaneti a miniSASS, pomwe malo aliwonse amaoneka ngati kankhanu ka mtundu wosonyeza mmene mtsinje ulili. Polowa m'madzi muvale magambutsi ndi magolovesi, chifukwa zina mwa nkhono zimene mukuwerengazo ndi zomwe zimafalitsa likodzo.