PX Pressure Exchanger: Imachepetsa Magetsi, Koma Mchere Siichotsa

Pafakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja yamchere, pa malita 100 olowa mumapeza malita 40 mpaka 50 okha akumwa. Otsalawo, omwe amatchedwa brine, amatuluka ndi mchere wokwana magalamu 60 mpaka 70 pa lita, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa m'nyanjamo, ndipo amakhala adakali ndi puresha yoposa ma bar 50 (bar ndi muyezo wa puresha). Puresha imeneyi ndi imene PX, chida cha kampani ya Energy Recovery ya ku California, imatola n'kuipereka ku madzi atsopano a m'nyanja kuti isapite pachabe.

M'kati mwake muli chinthu chimodzi chokha choyenda: rota (chozungulira) ya seramiki yokhala ndi timabowo titalititali. Mulibe mota, simuthiridwa oyilo, madzi omwewo ndiwo amaizunguza. Brine amalowa mbali ina n'kukankha madzi atsopano kupita ku ma membrane, omwe ndi zosefera zochotsa mchere, ndipo puresha yoposa 95 peresenti imawoloka. Pampu yaikulu ya fakitale imangotsala ndi ntchito yokankha madzi ochuluka mofanana ndi akumwa aja, choncho magetsi amachepa. Fakitale ya ku Perth, Australia, yomwe idatsegulidwa mu 2006, idaikidwa ma PX-220, iliyonse yonyamula pafupifupi ma kiyubiki mita 50 pa ola. Pa ntchito imeneyi ndi chida chabwino kwambiri.

Mavuto ake ambiri amachokera pokhazikitsa. Mukapanda kutsuka mapaipi musanalumikize, kachidutswa ka chitsulo chowotcherera kapena ka pulasitiki kamakakamira m'rota, basi yaima. Mpweya wotsalira m'mapaipi umabweretsa phokoso ndipo ungathe kuswa seramiki, choncho muutulutse kaye ndi puresha yochepa musanayatse pampu yaikulu. Ikani mita yoyeza madzi mbali zonse ziwiri. Madzi atsopano akachepa, brine amasakanikirana nawo kwambiri, mchere umakwera pa ma membrane, magetsi omwe munapulumutsa n'kuyamba kubwerera. Ngakhale zonse zili bwino, mcherewo umakwerabe ndi 2 kapena 3 peresenti. Pampu yaing'ono yowonjezera puresha imafunikanso, muiwerengere pogula.

Chomwe ogula ena amaiwala n'choti brine amatuluka mu PX ndi mchere wake wonse, pamodzi ndi mankhwala oletsa mchere kuundana pa ma membrane. Ndi wolemera kuposa madzi a m'nyanja, ndiye akangothiridwa amamira n'kuyala pansi, mpweya wa okosijeni umachepa, udzu wa m'nyanja n'kuvutika. Pamafunikabe paipi yotayira yokhala ndi timilomo tambiri toloza m'mwamba pa madigiri pafupifupi 60, kuti brine asungunuke asanafike pansi. Popanga mapulani musiye puresha yokwanira potulukira PX yoti iwakankhe mpaka kumeneko.